Aphunzitsi anzanga, nsima tinadya ija tikalipire

Aphunzitsi anzanga nonse, ndi inu ana athu amene munadutsa m'manja mwathu kuno kwa Mphuka, kulikonse komwe muli. Lero sindikamba za mayeso kapena za mpira. Ndabwera ndi mlandu, ndipo woyamba kuimbidwa mlanduwo ndine ndemwe. Wofuna kukwiya akwiye, koma ayambe wawerenga mpaka kumapeto.

Lesitilanti ija tinkadyako masana pamsika pathu yatsekedwa. Amene munakhalako kuno mukuidziwa: kanyumba ka njerwa kofolera malata, nsalu yotchinga pakhomo, mabenchi atatu, ndi chidebe chosambira m'manja panja. Dzina la mwini wake sinditchula, chifukwa manyazi a nkhaniyi si awo. Tonse tinkangoti "kwa Amayi". Nditapitako Lolemba lina mwezi uno ndinapeza loko ali pachitseko, mbaula palibe, phulusa lomwe analisesa. Mu sitafurumu munabuka nkhani. Wina ati akudwala, wina ati apita kwa mwana wawo ku Limbe. Mnzathu wina, akutokosa m'mano, anati: "Bizinesi za amayi akumudzi ndi choncho, sadziwa kusunga mpamba."

Loweruka lake ndinawalondola kumudzi kwawo. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Titapatsana moni ndinayamba ndi nthabwala.

"Amayi, mwatitaya bwanji ana anu? Tsopano tizidya kuti?"

Sanaseke. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makope atatu akuluakulu a zikuto zolimba, odetsedwa ndi utsi ndi mafuta. Anawaika pamiyendo panga.

"Aphunzitsi, odziwa kuwerenga ndinu. Tawerengani umo, kenako mundiuze amene watseka lesitilanti."

Ndinawerenga. Tsamba lililonse linali ndi dzina pamwamba, m'munsi mwake masiku ndi mbale: nsima ya nyemba, nsima ya usipa, mpunga wa nkhuku, tiyi wamkaka ndi masikono awiri. Masamba a anthu otchola tiyi anali okhwatchidwa pafupifupi onse, kusonyeza kuti analipira. A kabaza nawo chimodzimodzi, kupatula awiri atatu. Masamba opanda mkhwatcho, a ziwerengero zotsika mpaka pansi n'kupitirira kuseri, anali a ife ovala matayi. Munali ena ogwira ntchito zina zapamwezi, inde, koma ochuluka tinali ife a choko. Ena anasamutsidwa kalekale, ena anakwezedwa ndipo lero ndi mahedi kwina, mmodzi anatisiya. Pakati pa kope lachiwiri ndinapeza dzina langa. Zinali mbale za mwezi wa mayeso chaka chatha, zomwe ndinati ndidzalipira ndalama zoyang'anira mayeso zikatuluka. Ndalamazo zinatuluka. Ndinagula matayala a njinga ndi foni yatsopano, za Amayi n'kuiwala. Kapena ndinene zoona: sindinaiwale, ndinangodziwa kuti sangandichite kanthu.

Mfundo yanga lero ndi imodzi basi. Malo odyera a kwathu kuno, malesitilanti ang'onoang'ono, matiyirumu ndi malo a chiimilire, sakufa chifukwa choti eni ake sadziwa kuphika kapena kusunga ndalama. Akufa chifukwa ife olandira pamwezi timadya osalipira, ndipo tikakhuta timawanyoza. Musaganize kuti ndi za pamsika pathu pokha. Kafunseni pa Makwasa, pa Thekerani, pa Luchenza, pa Bvumbwe, ngakhale pa boma penipeni, mukapeza kope lotere pansi pa kauntala.

Tiyeni tione kaye mmene mbale ya nsima imafikira pa tebulo, poti ambirife timangoiona itafika. Mayi wa lesitilanti amadzuka tambala asanalire kachiwiri. Atunge madzi, akoleze moto, atereke nyemba, awiritse madzi a tiyi kuti munthu amene akuthamangira kumunda wa esiteti, chiperoni chili tolo, apeze kapu yotentha ndi chinangwa chophika kapena mandasi. Ikamakwana 9 koloko akhale atabwerako kogula tomato, anyezi, mpiru ndi usipa. Ikamati 12 koloko nsima ikhale itapsa. Madzulo atsuke miphika, awerenge ndalama, apatule ya mtsikana womuthandiza, ya lendi, ya chiphaso cha msika, ya nkhuni, ndipo yotsalayo ndiyo ya ufa, mafuta ndi ndiwo za mawa. Mpamba wake suli ku banki, uli mumphika, ndipo umazungulira tsiku ndi tsiku: nsima ya lero ndiyo igule ufa wa mawa. Inu mukadya n'kunena kuti "lembani", simunadye phindu lake lokha ayi, mwadya ufa wa mawa. Akabwera anthu asanu otere pa tsiku, mayiyo athamangire ku banki mkhonde kukakongola ndalama yachiwongoladzanja kuti mawa mudzapeze nsima ili pa moto. Ndiye kuti iye akulipira chiwongoladzanja pa ngongole yanu, inu mukuyenda manja ali m'thumba.

Anzanga a masamu mundithandize apa. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi wokha. Tonse tinalira mu sitafurumu kuti malipiro athu asanduka madzi. Nanga ngongole ya nsima imene tinadya kwachayo isanagwe? Nayonso inasanduka madzi, koma m'manja mwa Amayi. Mbale imene munadya mu 2022, ngakhale mutailipira lero pa mtengo wolembedwa m'kopemo, ndalamayo sigulanso ufa, mafuta ndi nkhuni zomwe zinathera pa inu. Ndalama ikagwa mphamvu wangongole amapindula, wokongoza ndiye amapsa. Izi timaphunzitsa ana m'kalasi, koma sitinaganizepo kuti wopindula pa tsoka la mnzakeyo ndife.

Funso limene landisowetsa tulo ndi ili: bwanji wotchola tiyi amalipira, mphunzitsi osalipira? Munthu wa dengu kumsana, amene malipiro ake amayendera makilogalamu amene watchola, amene ntchito imamuthera mvula ikatha masamba akachepa, fotinaiti ikakwana amayamba wapita kwa Amayi kukakhwatchitsa tsamba lake asanafike kunyumba. Sikuti ali ndi ndalama zambiri kuposa ife. Masana ali ku esiteti amadya nsima ya kampani, imene pologalamu ya Malawi Tea 2020 yosainidwa mu 2015 ija inachititsa kuti ufa wake uzithiridwa michere. Koma tiyi wa m'mawa, chakudya cha madzulo ndi cha masiku opuma amadalira tiyirumu ndi lesitilanti, makamaka anyamata ochokera kutali amene alibe wowaphikira. Iye amadziwa kuti akapanda kulipira, fotinaiti yamawa sadzadya. Amadziwanso kuti amapemphera mpingo umodzi ndi Amayi, maliro amalira limodzi, ndipo nkhope alibe koibisa.

Ife tili nako kothawira: kalata ya transifa. Timakweza katundu pa lole kusanache, mipando, matiresi, nkhuku ndi mbuzi zomwe, ngongole yokha n'kuisiya. Mwana wasukulu timamumana satifiketi yake ngati sanabweze buku limodzi la mu laibulale. Mphunzitsi amachoka ndi mbale za nsima za teremu yonse, timuchitira phwando lotsanzikana, timuyamikira kuti anali chitsanzo chabwino, ndipo kawirikawiri ophika pa phwandolo amakhala Amayi omwewo.

Ndikudziwa chimene munene, chifukwa nanenso ndachinenapo. Malipiro ndi ochepa, nthawi zina amachedwa, pakati pa mwezi mphunzitsi amakhala alibe ngakhale ya sopo. N'zoona. Ndagwira choko zaka zoposa 20, ndanyanyalapo ntchito limodzi ndi inu bungwe lathu la TUM litatiitana, ndipo mawa likaitananso ndidzakhala kutsogolo. Kudya pa ngongole si tchimo. Tchimo lili pa tsiku lolandira. Taonani mmene timandandalikira anthu ndalama ikalowa. Makampani a ngongole amadula yawo isanatifike n'komwe. Wa katapila amadzitapira yekha, poti khadi lathu la ku banki ali nalo ndiye. Kenako mwini nyumba, chifukwa akhoza kutitulutsa. Kenako wa pa bala, chifukwa iyeyo amakuwa pagulu. Amayi ndi omalizira, ngati pali chotsala, chifukwa iwo sakuwa, sagwira khadi, satenga chiwongoladzanja, ndipo amatipatsa ulemu. Ndiye kuti timalipira amene timawaopa, n'kumadyera masuku pamutu amene amatikomera mtima. Ngati wotilemba ntchito watilakwira, mlandu wathu uli ndi iyeyo, ndipo njira zokadandaulira tikuzidziwa. Sitingasenze mkwiyo wa kwa akuluakulu n'kukautula pamutu pa mayi wogulitsa nsima.

Wina anandiyankha kuti, "Nanga tinawakakamiza? Anatikongoza okha, bizinesi ndi bizinesi." Chabwino. Ngati bizinesi ndi bizinesi, ndiye pangano ndi pangano. Munati mudzalipira pakutha pa mwezi, miyezi yatha ingati? Ndipo taonani amene waluza. Chitsekereni lesitilanti ija, masana tikungotafuna mandasi ndi zigege pa buleki, mapiriyodi a madzulo tikuphunzitsa tikuyasamula. Mtsikana uja ankatsuka mbale ntchito yamuthera. Agogo aja ankabweretsa mpiru ndi nkhwani m'mawa uliwonse asowa kogulitsa, mnyamata wa nkhuni chimodzimodzi. Mphika umodzi unkadyetsa makomo angapo, ndipo tauvundikira ndife.

Ine ndimaphunzitsa Mbiri, ndiye mundilole nditchule chinthu ndi dzina lake. Chaka chilichonse ndimaima pamaso pa ana n'kuwauza za thangata. Ndimawauza kuti tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891 ndipo anafika kuno ku Thyolo cha m'ma 1908. Kuti makolo athu ambiri, makamaka Alhomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique, anakhala pa malo a azungu, ndipo lendi yake inali kugwira ntchito miyezi ina osalandira kanthu m'manja. Kuti nkhanza zimenezi ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Ndi kuti mchitidwewu unathetsedwa mu 1962. Ndimawauzanso kuti mawuwa poyamba anali abwino, ankatanthauza kuthandizana pa ntchito monga pachibale, koma eni maesiteti anawapotoza. Ana amalemba, ena amakwiya, ine n'kumva bwino kuti ndaphunzitsa. Belu likalira ndimatsikira kumsika, munthu andiphikire, anditsukire mbale, nkhuni zake, madzi ake, ine n'kuti "lembani", ulendo. Kodi mayi amene wagwira ntchito kuyambira 4 koloko m'mawa osalandira kanthu wagwira chiyani ngati si thangata? Amayi anatithangata monga mwa makolo, ife tawapotozera monga anachitira azungu. Mzungu uja ankanamizira kuti malo ndi ake. Ife tikunamizira chiyani, tayi?

Pali china chimene chinandiwawa kwambiri nditatseka makope aja. Zaka zingapo zapitazo, nthawi imene tinkabweza ana chifukwa cha fizi, mwana wa Amayi anali m'kalasi langa. Ndikukumbukira m'mawa wina titaitana mayina pa asembule, iye ali m'gulu la obwezedwa, atanyamula makope ake m'jumbo. Anakhala kunyumba pafupifupi sabata ziwiri mayeso ali pafupi. Nditayang'ana masiku a m'kope loyamba lija, ndinapeza kuti teremu yomweyo ngongole ya aphunzitsi atatu okha inali yokwana kulipira fizi ya mwanayo n'kutsalako. Tinamubweza kuti akatenge ndalama kwa mayi ake, ndalamazo zili m'matumba mwathu. Masana ake tinapita kukadya kwa mayi akewo, ndipo anatilandira ndi madzi osamba m'manja monga mwa masiku onse.

Tsopano tchimo lachiwiri, lonyoza. Ndamva kambirimbiri anthu ophunzira akunena kuti zakudya za m'malesitilanti a kuno n'zauve, n'zachimidzi, mlendo sungapite naye. Za ukhondo sindikana, ndipo sindichita nazo masewera. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, ndipo m'malo ambiri kugulitsa zakudya zophikaphika kunaletsedwa. Alipo ndithu ophika ena amene amatenthetsa ndiwo zadzulo, amatsukira mbale zonse m'madzi amodzi, kuseri chimbudzi kulibe. Amenewo alangizi a zaumoyo aziwayendera, ndipo wosamva atsekeredwe. Koma ukhondo umagulidwa. Sopo ndi ndalama, mankhwala othira m'madzi ndi ndalama, chidebe cha mpopi ndi ndalama, kukumba chimbudzi n'kuikapo silabu ndi ndalama. Munthu amene dzina lake lili m'kope chiyambire chaka chatha alibe pakamwa ponenera kuti pakhomo palibe sopo. Sopoyo ali m'thumba mwake.

Komanso taonani kumene ndalama yathu imapita ikapezeka. Tikaitanidwa ku maphunziro a masiku awiri ku boma kapena ku Limbe, alawansi ili m'manja, timalowa malo a nsalu zoyera pa tebulo, n'kuitanitsa tchipisi ndi nkhuku ndi chakumwa chozizira, n'kulipira pomwepo osanyinyirika, ena mpaka kusiya tchenji. Kumeneko palibe amene anayesapo kunena kuti "lembani". Ana athu ena amene zinthu zikuwayendera akabwera pa Khirisimasi amatenga anzawo kupita ku Huntingdon House ku Satemwa kukamwa tiyi ndi kukajambulitsa m'minda. Sindikudana nazo. Esiteti imeneyo anaiyambitsa Maclean Kay mu 1923, nyumbayo anaimanga mu 1928, ndipo eni ake aisamala n'kuisandutsa malo amene alendo ochokera kutali amabwera kudzaona. Iwo zawo amazilemekeza ndipo amaziikira mtengo. Nanga ife zathu tidzazilemekeza liti? Kapu ya tiyi ya kumeneko mumalipira musanadzuke pampando. Kapu ya pa tiyirumu, ya masamba omera m'mapiri omwewa, otcholedwa ndi azakhali anu, mukuifuna pa ngongole, ndiponso shuga masipuni anayi.

Musaiwale kuti kuphika chakudya chogulitsa kuno si masewera. Boma lathu lino anthu ndi ambiri, malo ndi ochepa, ndipo malo abwino ambiri ali pansi pa tiyi ndi makadamiya. Chimanga cha m'kamunda ka Amayi sichikwana ndi banja lomwe, ufa wa lesitilanti ndi wogula. Nthochi zimene zinkatchukitsa Thyolo, zimene malole ankadzaza kupita nazo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, zinasakazika ndi matenda a chisaka, mpaka dziko linafika podya nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi milatho. Nkhuni zikusowa, phiri la Thyolo lomwe tinalimeta kalekale. M'mavuto onsewa amayi amenewa akhala akukoleza moto tsiku ndi tsiku.

Ndiponso ndi iwo amene atisungira zakudya zathu. Ndani mwa ife apantchito, amuna kaya akazi, ali ndi nthawi yophika kalongonda, wofunika kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi kuti asaledzeretse? Makaka ophikira limodzi ndi nandolo, chigwada chosinja mumtondo, nkhwani wotendera, therere, thobwa la mawere: mwana wobadwira m'tauni akazilawa kuti? Mu Okutobala timavala nsalu za Mulhako n'kukwera malole kupita kwa Chonde, kukadya kalongonda pamaso pa makamera n'kumati chikhalidwe chathu chisafe. Tikabwerako, mayi amene amaphika kalongonda yemweyo sabata iliyonse timamuuza kuti alembe. Chikhalidwe chimenecho chili mumphika, anzanga, ndipo mphika umafuna nkhuni.

Kwa inu amayi ndi abambo a malesitilanti ndilinso ndi mawu, ndipo ana anu akuwerengereni. Ulemu wanu ndi umene ukukuphani. Mukaona tayi mumachita mantha kufunsa ndalama yanu, ngati kuti kufunsa n'kutukwana. Ndinafunsa Amayi chifukwa chimene sanabwerere kusukulu kudzatikumbutsa. Anati, "Ndikanayambira pati, aphunzitsi, mwana wanga ali m'manja mwanu?" Mawu amenewo tiwamve bwino anzanga. Sanatikongoze chifukwa chotikhulupirira chabe. Ankationanso ngati anthu oti tikhoza kubwezera pa mwana. Ngati umu ndi mmene mudzi umationera, ndiye chawonongeka si lesitilanti yokha, dzina la ntchito yathu nalo lili m'kopemo.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Sindikufuna tingochita manyazi lero mawa n'kupitiriza, ndiye nazi zimene ndikupempha.

Choyamba, aliyense amene akudziwa kuti dzina lake lili m'kope la munthu, kaya ndi kuno kaya ndi kumene anachokera, akalipire mwezi uno. Kale tinkanamizira mtunda. Lero kuli Mpamba ndi Airtel Money, ndalama imachoka ku Karonga n'kufika kuno madzi a nsima asanawire. Ndipo musalipire mtengo wa 2022. Funsani kuti mbaleyo lero ikugulidwa bwanji, mulipire umenewo.

Chachiwiri, kwa mahedi athu ndi makomiti osamalira aphunzitsi: mphunzitsi asanakwere lole ya transifa, komiti ifunse pamsika ngati wasiya tsamba losakhwatcha. Sikofunika kudikira kalata yochokera kumtunda. Ndi nkhani ya ulemu wathu, komanso wobwera pambuyo pake, mphunzitsi watsopano amene sanayambe n'kulandira komwe, ndi amene amamanidwa nsima chifukwa cha iye.

Chachitatu, sukulu ikakhala ndi msonkhano wa makolo, masewera a zoni, alendo oyang'anira mayeso kapena phwando la Fomu 4, ntchito yophika ipite kwa ophika a pamsika pathu, ndipo theka la ndalama liperekedwe asanakoleze moto, lotsalalo asanatsuke miphika.

Chachinayi, anzanga a Business Studies ndi Home Economics, m'malo mongopatsa ana zitsanzo za makampani a m'mabuku, atengeni mupite nawo pamsika. Akathandize amayiwa kuwerengera mtengo weniweni wa mbale imodzi, nkhuni, madzi ndi thukuta zonse zilowemo. Akawathandizenso kuika malire a ngongole: wokongola asainire yekha, ndipo akafika mbale zakutizakuti asadyenso mpaka atakhwatchitsa, kaya wavala tayi kaya wasenza dengu.

Chachisanu ndi chanu ana athu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Joni. Ambiri a inu munali a selefu bodingi, munkachita lendi timanyumba kuseri kwa msika. Ufa ukatha pakati pa teremu mukudziwa amene ankakupatsani mkute ndi msuzi wa nyemba osalemba n'komwe m'kope. Mukabwera kumudzi tsikani m'galimoto, lowani, khalani pa benchi, idyani, lipirani, ndipo anzanu a m'tauniwo mubwere nawo. Mukakhuta kauzeni ena kuti pakuti pali nsima yabwino. Malo amenewa alibe zikwangwani za magetsi, mbiri yawo imayenda pakamwa pa amene adyapo.

Ine yanga ndinalipira Loweruka lomwelo, pa mtengo wa lero. Amayi anawerenga ndalamazo kawiri, anatenga bolopeni n'kukhwatcha tsamba langa, kenako anati, "Zikomo aphunzitsi. Mwachedwa, koma mwabwera." Ndinafunsa ngati adzatsegulenso. Anati miphika iwiri ikuluikulu anagulitsa kuti abweze ya banki mkhonde, ndipo mwini nyumba ija akufuna kuikamo wina woonetsa mpira pa kanema. Mvula ikayamba akuganiza zokalembetsa ku esiteti, akatchole tiyi, pa msinkhu umenewo. Koma anati theka lokha la za m'makopemo litabwera akhoza kuyambiranso, ngakhale pa chisakasa.

Theka lokha, anzanga. Makope atatuwo ndinawasiya kwa eni ake, ndipo mayina sindiulula kwa wina aliyense. Koma ndinawawerenga onse, ndipo ena mwa inu tikumana Lolemba mu sitafurumu. Musandiyang'ane ndi diso lofiira. Mlandu suola. Mwezi ukutha sabata yamawa, ndiye amene akufuna njira ya kumudzi kwa Amayi andipeze pa buleki, ndimuperekeza.